Mbewa za Aroma ndi Nthiti za Aphunzitsi a ku Zemba

Lachiwiri la sabata yatha kunyumba kwanga kunabwera mlendo amene anakana mpando. Ndinamukokera mpando wa pakhonde, iye anakhala pansi, napinda miyendo, nayamba kuyang'ana zala zake. Anali Esinati Naphiri, mwana wa ku Mlolo amene ndinamuphunzitsa kusoka ndi kuphika pa sukulu ya atsikana, ndipo tsopano ndi mkazi wa aphunzitsi a Lekisoni Banda a pa sukulu ya ku Zemba. Ine ana anga ndimawadziwa. Esinati akakana mpando, ndiye kuti kwagwa nkhani.

"Amayi aphunzitsi," anatero, "akufuna kundibweza kwathu kuti akandilangizenso."

Inu owerenga amene muli pa banja mukudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Mkazi wobwezedwa kwa makolo ake kuti akalangizidwenso sanasudzulidwe ayi, koma ku chitsime amamuyang'ana ngati wosudzulidwa kale. Amayi ake amayenda choweramitsa mutu, alangizi ake amatchulidwa mayina, ndipo ngakhale atabwerera kwa mwamuna wake, mbiri imeneyo imamutsata mpaka imvi.

Ndinamufunsa mlandu wake. Kodi wayankha apongozi mwachipongwe? Ayi. Kodi wapezeka akuseka ndi mwamuna wina pa njira? Ayi. Kodi m'nyumba ndi mwauve? Funso limeneli ndinalifunsa mwamwambo chabe, pakuti anamuphunzitsa ndine.

"Akuti aphunzitsi akuoneka nthiti."

Mlandu wonse unali umenewo. Apongozi ake, amayi Namwale a ku Zingalume, anapita kukacheza ku Zemba atatha kukolola. Anapeza mwana wawo akuwaza nkhuni atavula malaya. Anamugwira mkono, anautsina, anamuzungulira ngati munthu wofuna kugula mbuzi, ndipo anabwerera kwawo osalawa kanthu m'nyumbamo. M'mawa mwake uthenga unafika wakuti ankhoswe a mbali zonse ziwiri akumane ku Zingalume Loweruka.

Tisafulumire kuwaseka amayi Namwale, chifukwa khalidwe limeneli tili nalo tonse. Kodi moni umene timaukonda kwambiri ndi uti? Munthu akachokera ku ulendo timamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako timati, "Koma mwanenepa!" Iye amaseka, nasisita mimba yake ngati walandira mphatso. Mnyamata akakwatira, abale ake sayang'ana ngati nyumba yaziridwa kapena ngati madzi akumwa ndi ovundikira. Amayang'ana lamba wake. Lambayo akamasunthira kunja, mkazi ndi wabwino. Akangokhala pomwe anali tsiku la ukwati, mkazi ndi waulesi, kapena womana, kapena zonse ziwiri.

Ndinamufunsa Esinati zimene amaphika. Anati m'mawa phala lothira nsinjiro. Masana nsima ndi nyemba, kapena khobwe, kapena nkhwani wotendera, ndipo nyengo ino yachisanu mfutso. Pakati pa tsiku mbatata, maungu, nthochi. Nkhuku pa Sabata lina ndi lina.

"Nanga amadya?"

"Amadya, amayi. Amamaliza, amapemphanso ina."

Chakudyacho chimapita kuti, ine ndinali kudziwa kale. Aphunzitsi a Banda amayendera sukulu zazing'ono za m'midzi pa njinga, amalima dimba kudambo, ndipo ana akaweruka amathamangitsana nawo pa mpira ngati munthu woiwala ulemu wa uphunzitsi, chinthu chimene ndinawadzudzulapo kale. Mwamuna wotero ngakhale mutamuphera ng'ombe, mafuta sangapeze pokhala.

Ndinamuuza Esinati kuti apukute nkhope, ndipo kuti Loweruka ndidzakhalapo.

Ndinafika ku Zingalume pa njinga yanga yakale dzuwa lisanakwere kwambiri. Ankhoswe anali atakhala kale pa mphasa pansi pa mtengo wa mango. Kumbali ya Esinati kunali atsibweni ake, bambo wokalamba wokonda fodya wa m'mphuno ndi nthabwala. Aphunzitsi a Banda anakhala pa chitsa, atavala jekete ngakhale kunkayamba kutentha, ndipo ndikukhulupirira kuti anavalira kubisa umboni. Esinati anakhala chapatali, kuseri kwa apongozi ake, monga kuyenera. Pakati pa bwalo panali nkhokwe yatsopano yodzaza chimanga, ndipo denga lake, lofoleredwa kale ndi udzu, linali pansi kudikira amuna oti alikweze. Nkhuku zinali kukwera ndi kutsika pa nkhokwepo mwaufulu.

Nkhani sinathe kuyamba. Amayi Namwale anati tidikire mwana wawo wamkulu, Wilisoni, kalaliki wa m'sitolo ku Fort Jameson, amene lole inayenera kumutsitsa pa msewu waukulu pamodzi ndi njinga yake.

"Akafika Wilisoni," anatero, "mudzaona nokha mmene amaonekera mwamuna wophikiridwa. Ine sindidzalankhulanso."

Tinadikira. Mthunzi unasuntha, ifenso tinasuntha mphasa. Tili chikhalire, amayi Namwale ananditembenukira.

"Amayi aphunzitsi, inu munafika ku koleji. Tandiuzani, kodi kuliko dziko kumene mkazi amaondetsa mwamuna, anthu n'kumamuyamikira?"

Munthu amene waphunzitsa moyo wake wonse sapatsidwa funso lotero n'kukhala chete. Ndinawauza kuti ku koleji tinaphunzira za Aroma.

"Aroma omwe aja opachika anthu?" anafunsa atsibweni a Esinati.

"Omwewo."

"Ndiye nawonso ankadya?"

Ndinafotokoza, ndipo ndikufotokozerani inunso, pakuti ambiri a ife timamva za Aroma kutchalitchi kokha, ndipo timawaganizira ndi mikondo, osati ndi mbale. Aroma asanalemere, chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku chinali phala lolimba la tirigu, kotero kuti anthu a mitundu ina ankawanyoza kuti ndi odya phala. Ndiwo zawo zinali nyemba, mphodza, kabichi, anyezi ndi adyo. Pamene ife timathira nsinjiro, iwo ankathira mafuta a azitona. Nyama ankaiona pa chikondwerero kapena pa nsembe, monga ife timaionera pa ukwati ndi pa maliro. M'mawa ankangoluma kanthu pang'ono, ndipo chakudya chenicheni chinali chimodzi pa tsiku. Tiyi kunalibe. Shuga sankamuika pa chakudya. Wofuna zotsekemera ankafuna uchi, zipatso za mphesa kapena nkhuyu zouma. Chimanga kunalibe, mbatata kunalibe, matimati kunalibe, ngakhale mtedza wathuwu sankaudziwa.

"Opanda chimanga?" anadabwa amayi Namwale. "Ndiye ankagona ndi njala tsiku lililonse. Anthu omvetsa chisoni."

Ndinawauza kuti anthu omvetsa chisoniwo ndi amene anagonjetsa maiko onse owazungulira. Msilikali wa Chiroma ankapatsidwa tirigu wosapera, n'kumapera yekha pa kamphero, n'kuphika yekha phala kapena mkate. Poyenda ankasenza chakudya chake, chiwaya chake, fosholo ndi zida. Akafika pogona ankayamba wakumba ngalande asanadye. Pakakhala palibe nkhondo ankamanga misewu, ndipo ina mwa misewuyo ilipo mpaka lero. Palibe anawayeza pa sikelo monga amachitira ku chipatala, ndipo ine sindingakunamizeni kuti ndikudziwa kulemera kwawo. Koma munthu wodya phala ndi nyemba, woyenda tsiku lonse ndi katundu pamsana, thupi lake tonse tikulidziwa, chifukwa timakumana nalo m'njira za ku Mlolo tsiku lililonse.

Ndinawauzanso kuti pakati pa Aroma panali gulu la anthu olemekezeka amene boma linkawapatsa kavalo. Akuluakulu oyang'anira makhalidwe ankawayendera nthawi ndi nthawi, ndipo wopezeka atanenepa mopitirira ankamulanda kavaloyo.

"Anachita bwino," anatero atsibweni. "Kavalo nayenso ali ndi msana."

Koma Aroma analemera. Analanda chuma cha maiko ena, anabweretsa akapolo, ndipo olemera pakati pawo anasiya kuyenda. Ankanyamulidwa pa machila, monga ankachitira azungu kuno ife tili ana. Anasiyanso kudya chokhala. Ankagona cham'mbali pa kama, atatsamira chigongono, mbale zikubwera motsatizana kuyambira dzuwa litapendeka: mbalame za nthenga zokongola, nkhono za m'nyanja, nkhumba, ndi msuzi wa nsomba zosasitsidwa padzuwa umene ankauthira pa chilichonse. Mukaona zithunzi za mafano a mafumu awo ena a m'masiku amenewo, khosi ndi chibwano sizisiyana. Asing'anga awo anayamba kutanganidwa ndi matenda a anthu okhuta, monga kutupa ndi kuwawa kwa zala za kumapazi.

Apa ndipo ndinatulutsa chimene ndinkayesa kuti chidzatseka nkhani. Ndinati olemera a ku Roma ankadyanso mbewa.

Bwalo lonse linadzuka. Ngakhale Esinati anatukula mutu.

Sizinali kapuku wathu wa m'munda ayi, zinali mbewa za m'mitengo, za mchira waubweya. Ndipo sankazikumba monga timachitira ife. Ankaumba mbiya yapadera, yokhala ndi timabowo topumira, ndi timizere m'kati mwake toyendapo mbewazo. Ankaziika m'menemo zamoyo, n'kuvundikira kuti mukhale mdima, n'kumaziponyera mtedza wa m'mitengo mpaka zitanona. Kenako ankaziwotcha, nthawi zina n'kuzipaka uchi, ndipo mwininyumba ankanyadira pamaso pa alendo kuti mbewa zake ndi zonenepa kuposa za mnzake.

"Tsono taganizani, amayi," ndinatero mwaulemu wonse. "Mbewa ya m'mbiya imanenepa chifukwa sipita kulikonse. Siidya mwanzeru, ndipo woiponyera mtedzayo saiponyera chifukwa choikonda."

 Ndinayesa kuti mawu anga alowa.

"Mbiyayo," anatero amayi Namwale, "inali yaikulu bwanji?"

Ndinati sindikudziwa bwino, mwina ngati mtsuko wa madzi.

"Nanga timabowo timeneto, mbewa sizinkatulukirapo?"

"Tinali tating'ono. Koma chimene ndikunena ine..."

"Ndamva. Koma zinkanona?"

"Zinkanona."

"Basi. Anthu amenewo anali ndi nzeru."

Aphunzitsi anzanga akudziwa mmene zimamvekera mumtima pamene waphunzitsa bwino, ndipo wophunzira watola chinthu chimene iwe unangochitchula podutsa. Ndinayang'ana Esinati. Mutu wake unali utabwerera pansi.

Nthawi imeneyo tinamva kulira kwa magudumu. M'njira yochokera ku msewu waukulu munatulukira ngolo ya ng'ombe yonyamula matumba a thonje. Kumbuyo kwake kunali njinga yomangidwa ndi luzi. Pamwamba pa matumbawo panali mwamuna wovala suti, atagona cham'mbali, atatsamira chigongono, akudya banzi.

Atsibweni a Esinati anafwenkha fodya wawo, nandinong'oneza kuti, "Amayi aphunzitsi, Mroma wanu uja wafika."

Ndisamunamizire Wilisoni. Ndi munthu wansangala, wopatsa, wokonda amayi ake. Anatsika pa ngolo mothandizidwa ndi mwini ngolo, nafotokoza kuti chitunda cha pa dambo chija chatalika kuposa chaka chatha, ndipo kuti anakankha njinga mpaka Mulungu anamutumizira ng'ombe. Anatulutsa mphatso: shuga, tiyi, buledi, jamu, ndi nyama ya m'chitini. Amayi ake anamusisita masaya, namugwira mkono umene zala zawo sizinathe kuuzungulira, kenako anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi.

"Mwaona?" anatero.

Wilisoni anapereka moni kwa akuluakulu, kenako anatembenukira kwa Esinati.

"Alamu, mwamuchita chiyani mng'ono wanga? Ine pobwera ndimayesa kuti wina wayedzeka mpini wa khasu pa chitsapo, n'kuuveka jekete."

"Achimwene," anayankha aphunzitsi a Banda, "mwazithokoza ng'ombe zija? Yakumanzereyo ikupempha madzi."

"Iwe, thupi ili ndi la ulemu. Ku tauni munthu akandiona amayamba wavula chipewa."

"Amavula kuti apeze podutsa."

Anthu anaseka, ndipo ine ndinafunsa Wilisoni zimene amadya. Anayankha monyadira. M'mawa tiyi wa shuga ndi buledi wa jamu. Dzuwa likakwera, tiyi wina ndi mabanzi, pa kauntala pomwepo. Masana nsima ndi nyama. Madzulo tiyi winanso. Nkhwani anati anausiya kumudzi pamodzi ndi makabudula. Ndinafunsa kutalika kwa ulendo wochokera kunyumba kwake kupita ku sitolo. Anati nyumbayo ili kuseri kwa sitoloyo.

Kuseka kunali kusanathe pamene amayi Namwale anaomba m'manja kamodzi.

"Mukuseka," anatero. "Sekani. Ine ndinaika mwana wamkazi chaka cha njala. Anayamba chonchi, nthiti. Bambo wa ana awa anapita ku migodi ali munthu, anabwera ali nthiti ndi chifuwa, akupuma ngati mvukuto wobooka, mpaka tinawaika kuseri uko. Inu mukaona nthiti mumaona nthabwala. Ine ndikaona nthiti ndimaona manda. Ndiye ndikhale chete, mwana wanga akutha ine ndikuona?"

 Ine ndinalibe Mroma aliyense woti ayankhe mawu amenewo. Amayi amenewa sankadana ndi Esinati. Ankaopa. Ndipo mantha awo ndi a tonse amene tinaona njala ndi maso athu, n'chifukwa chake mawu akuti "mwanenepa" amatikomera chotere. Kwa ife amatanthauza kuti "simukufa."

Atsibweni a Esinati ndiwo anamasula bwalo. Anaimirira, nakutumula fodya pa malaya.

"Nkhani iyi ndi yolemera," anatero, "siifuna kuyambidwa nkhuku zikutha chimanga cha apongozi. Amuna tilipo okwanira. Tiyeni tikweze dengali, tikhale pansi ndi mtima umodzi."

Amene munakwezapo denga la nkhokwe mukudziwa ntchito yake. Amuna amalizungulira, amalinyamula kufika m'chiuno, kenako pa mapewa, kenako amalikankha m'mwamba ndi manja ndi mitengo mpaka likhale pamalo pake. Mbali imodzi ikafooka, lonse limapendekera komweko.

"Wilisoni agwire kumene kukulemera," analamula amayi Namwale. "Mng'ono wakeyo asagwire kwambiri, angathyoke."

Wilisoni anavula jekete mwamphamvu, nalipereka kwa ine kuti ndimusungire, nalavulira m'manja. Aphunzitsi a Banda nawonso anavula lawo, ndipo umboni wonse unaonekera kudzera m'malaya. Atsibweni anayambitsa mfuu. Denga linanyamuka. Linafika m'chiuno bwinobwino. Linafika pa mapewa. Pamene anati alikankhe m'mwamba, mbali ya Wilisoni inayamba kutsika.

"Kwezani uko! Kwezani uko, akalaliki!"

Nkhope ya Wilisoni inasintha. Thukuta linatsika ngati wathiridwa madzi. Anayesa, kenako anasiya, nabwerera m'mbuyo, nakhala pansi m'fumbi ndi thalauza lake la suti, dzanja lili pa chifuwa. Denga likanagwera anthu. Aphunzitsi a Banda analowa pansi pake chowerama, naika phewa pamene panali mkulu wawo, nasenza malo a anthu awiri, ndipo ndi mfuu imodzi denga linakwera. Asanapume n'komwe anakwera pa nkhokwe ndi luzi m'kamwa kukalimanga.

Amuna onse anali kuyang'ana m'mwamba. Amayi Namwale okha sanayang'ane denga. Anali atagwada pafupi ndi Wilisoni, khutu lili pafupi ndi kamwa pake. Mwamunayo ankakoka mpweya movutika, m'chifuwa mukulira. Amayiwo anamvetsera nthawi yaitali, kenako anatukula maso nandiyang'ana.

"Akupuma ngati bambo ake," anatero motsitsa mawu.



Tithokoze Mulungu, sichinali chachikulu. Wilisoni atakhala mumthunzi, mpweya unabwerera, nthabwala zinabwereranso. Anati dengalo linafoleredwa ndi udzu wonyowa, ndipo kuti mbali yake ndiyo inali ndi mitengo yaikulu. Kenako anapempha kuti amupangire tiyi wa shuga wambiri kuti mphamvu zibwerere.

"Madzi," anatero amayi ake.

"Amayi, ndabweretsa ndine shugayo."

"Madzi."

Aphunzitsi a Banda atatsika, amayi awo anawaitana. Anawagwira mkono womwe uja, nautsinanso, koma ulendo uno anachedwa nawo, ngati munthu woyesa mtengo wa mzati. Anaika khutu pa nthiti zija. Munalibe phokoso lililonse.

Ankhoswe anakhalanso pa mphasa. Wa kuchimuna anatsokomola, nati tsopano tiyambe nkhani imene tasonkhanira.

"Nkhani yake iti?" anafunsa amayi Namwale.

Anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo analankhula ndi mpongozi wawo maso ndi maso.

"Naphiri, anthu awa akhala ndi njala. Nyemba zili m'dengu kuseri kwa chitseko, mfutso uli pa tsindwi, mtedza mukuuona. Kaphikeni mmene mumaphikira ku Zemba. Ndipo uyu," analoza Wilisoni, "adye zomwezo. Mawa abwerere pa njinga, ngolo ndi ya thonje."

Kwa mlendo mawu amenewa ndi ochepa. Kwa ife amene tikudziwa, mayi amene anachoka m'nyumba ya mpongozi wake osalawa kanthu, lero n'kumutsegulira khitchini yake pamaso pa ankhoswe, wanena zonse zimene bwalo likanatha kunena. Esinati anagwada, naomba m'manja, napita kukasonkha moto. Za kubwezedwa ku Mlolo sizinatchulidwenso. Wilisoni anadya nyemba ndi mfutso wotendera, akudandaula, ndipo anapempha zina.

Tsono ndilankhule nanu, owerenga. Sindikunena kuti kuonda konse ndi kwabwino. Munthu akamaonda akutsokomola, akutuluka thukuta pogona, chakudya chikumukana, mutengereni ku chipatala lero lomwe, osadikira ankhoswe. Mwana akamaonda tsitsi likufiira, ameneyo ndi wanjala, ndipo njala siiyamikiridwa ndi munthu wanzeru. Ku Roma nakonso osauka ndi akapolo ambiri ankagona ndi mimba zopanda kanthu pamene olemera ankapaka mbewa uchi, ndipo palibe chokongola pamenepo. Tiyi sindikumuletsa. Inenso ndimamwa, kapu imodzi, nditakhala pa mpando woongoka.

Chimene ndikunena ndi ichi. Kwa Aroma, ulendo wochokera ku phala kukafika pa kama wodyerapo unatenga mibadwo yambiri. Kwa ife ukutenga nthawi imene lole imatenga kuchoka kwathu kuno ku Chadiza kukafika ku Fort Jameson. Mnyamata amene anakula ndi nyemba ndi khasu akangokhala pa mpando wa ukalaliki amasiya zonse ziwiri tsiku limodzi. Nkhwani amautcha chakudya cha kumudzi, mtedza amagulitsa kuti agule jamu, ndipo shuga amathira mpaka supuni iime yokha. Aroma olemera aja analibe n'komwe shuga, koma anafika potupa mapazi. Nanga ife amene tamupeza, n'kumamuyesa chizindikiro cha kutukuka, tidzafika pati? Masitolo akuyandikira midzi yathu chaka ndi chaka. Maso athu akadali a chaka cha njala, pamene mbale za ana athu a ku tauni zasintha. Ndipo pakati pa maso akalewo ndi mbale zatsopanozo, wolangidwa ndani? Mtsikana wophika bwino, amene mlandu wake ndi wakuti mwamuna wake amagwira ntchito.

Azimayi anzanga a mumpingo, amene timalangiza ana a eni asanalowe m'banja, kodi si ife amene timawauza kuti mwamuna azioneka kuti akudya? Azioneka kwa yani? Ndipo inu apongozi, musanaitane ankhoswe chifukwa cha lamba wa mwana wanu, bwanji osayamba mwamupatsa denga kuti akweze?

Pamene ndinkatsanzika ku Zingalume, amayi Namwale anandiperekeza mpaka pa njira, atandigwirira njinga. Ndinayesa kuti akufuna kunena za Esinati, kapena za Wilisoni. Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Amayi aphunzitsi, chivundikiro cha mbiya ija chinali chadothi kapena chamtengo?"

Ndinati ndikuganiza kuti chinali chadothi. Ndamva kuti alankhula kale ndi mayi wina woumba mbiya wa m'mudzimo. Sindikuwaletsa. Ngati pali chinthu choyenera kutsekeredwa mumdima n'kumaponyeredwa chakudya mpaka chilephere kuyenda, chikhale mbewa, osati mwana wa munthu. Ndipo inu, tsiku lina mukadzatsegula pakamwa kuti muuze mlendo wanu kuti wanenepa, muyambe mwasuzumira kunjira. Kodi wabwera ndi miyendo yake, kapena ng'ombe zikupuma kuseri?

Dzulo Esinati anabweranso kunyumba kwanga, atasenza kadengu ka mtedza kochokera kwa apongozi ake. Ndinamukokera mpando wa pakhonde. Anakhalapo.